Katoni ya pansi pa bedi: mbiri ya TV gemu kuno kuchigwa



Sabata yatha mnzanga wina amene timaphunzitsa limodzi adabwera kunyumba kudzabwereka pampu ya njinga. Pofunafuna pampuyo ndidakoka katoni imene imakhala pansi pa bedi, ndipo iye atasuzumira m'katimo adaseka mpaka kugwira khoma. "Achimwene, munthu wa dipuloma, imvi zayamba kale, mukusunga zidole za ana?" Tsiku limenelo sindidamuyankhe bwino chifukwa kudali kotentha kwabasi, paja mukumudziwa Okutobala wa kuno kuchigwa, munthu umaganiza ndi theka la mutu. Ndiye ndati ndimuyankhe pano mofatsa, inu nonse mukhale mboni.

M'katonimo muli makina anayi a TV gemu, koma awiri okha ndiwo amayaka. Muli makaseti ake 31, ambiri achikasu, ma Brick Game atatu, mfuti ya pulasitiki yothyoka kukamwa, ndi foni ya Nokia 3310 imene batire lake lidatupa. Pakona pa chipinda pali TV yachikale ija yotupa kumbuyo, imene mayi a kunyumba akhala akuifunira imfa kwa zaka zambiri. Ndidayamba kutolera zimenezi mu 2016, pang'onopang'ono, ndi malipiro a uphunzitsi amene nonse mukudziwa pamene amathera. Ine ndimaphunzitsa History, ndipo kwa ine katoniyi ndi nkhokwe ya umboni. Kuti mumvetse, tibwerere ku 1993.

Chaka chimenecho ndidali ndi zaka 11. Pa 14 Juni anthu adavota pa riferendamu, kusankha nyali kapena tambala wakuda, ndipo nyali idapambana. Akuluakulu adali ndi zawo zokamba m'mabwalo, koma ife ana chimene chidatigwedeza chidachitika patapita masabata angapo, pamene malume anga adatsika basi pa Mtakataka kuchokera ku Joni. Iwo adapita kumeneko mwa selufu, poti TEBA idali itasiya kulemba anthu kuno mu 1988, ndipo adakhalako zaka zitatu. Mudzi wonse unkayembekeza njinga, jekete ndi makina osokera, monga ankachitira matchona a nthawi imeneyo. Atamasula katundu mudatuluka ka TV kakang'ono kosaonetsa mitundu, ndi kabokosi kofiira ndi koyera kolembedwa kuti Golden China, kokhala ndi timapadi tiwiri ta zingwe.

Magetsi kwathu kudalibe. Malume adapeza batire la galimoto, nalumikiza mawaya mwanzeru zawo za ku Joni, ndipo batirelo linkayenda ulendo wa panjinga kawiri pa sabata kukatchajidwa. Usiku woyamba adaika TV pampando pakhonde, nakankhira kaseti yachikasu m'kabokosi muja, basi pagalasi padatulukira kamunthu ka ndevu za pamlomo kakudumphadumpha. Anthu adadzaza bwalo ngati pali chinamwali. Agogo anga, amene adali Mkatolika wolimba wa ku Mua, atamva ana tikukuwa kuti "Mario! Mario!" adatuluka m'nyumba mokondwa poyesa kuti tayamba kuyimba nyimbo za Amayi Maria. Ataona chimene chinkachitika adabwerera osalankhula.

Kusewera sikudali kwaulere. Wokhala ndi matambala ankalipira matambala, ife osauka tinkalipira ndi chidebe cha madzi, mtolo wa nkhuni, kapena malambe ndi masau. Ukafa katatu unkapereka padi kwa wotsatira pamzere. Ndimakumbukira kuti ndidatungapo madzi maulendo anayi kuti ndisewere Circus Charlie, ndipo mkango wanga udapsa pa mphete ya moto yoyamba yomwe.

Zidanditengera zaka zoposa 20 kuti ndidziwe kuti kabokosi kaja kadali kachinyengo. Mwini weniweni wa nzeru zimenezi ndi kampani ya Nintendo ya ku Kyoto, m'dziko la Japan. Kampaniyi adaiyambitsa ndi Fusajiro Yamauchi mu 1889, ndipo ntchito yake yoyamba idali kupanga makadi a juga otchedwa hanafuda. Chaka cha 1889 chomwecho ndi chimene ansembe a White Fathers adafika koyamba kwa Mponda ku Mangochi. Adachokako mu 1891, nabwereranso mu 1902 kudzakhazikitsa mishoni ya Mua. Choncho kampani imene idapanga Mario ndi yaikulu kwa mishoni yathu ya Mua ndi zaka 13. Ndikanena zimenezi m'kalasi ana amaganiza kuti ndikuwanamiza.

Pa 15 Julayi 1983 Nintendo idatulutsa makina otchedwa Family Computer, mwachidule Famicom, ofiira ndi oyera, chimodzimodzi aja a malume. Chaka chomwecho ku America malonda a magemu adagwa chagada. Makampani adali atadzaza masitolo ndi magemu osakoma, anthu adatopa nawo, ndipo kampani ya Atari idafika pokakwirira makaseti ake osagulidwa kudzala la mzinda wa Alamogordo ku New Mexico mu Sepitembala 1983. Kwa zaka 30 ambiri ankati nkhani yokwirirayi ndi nthano chabe, mpaka mu Epulo 2014 pamene anthu adakakumba padzalapo ndi kuwapeza makaseti aja. Inu a Fomu 1 amene mumaganiza kuti zofukulafukula zimathera pa mbiya ndi mikanda ya ku Mankhamba, dziwani kuti ngakhale dzala la 1983 lidasanduka malo ofukula mbiri.

Nintendo idalowa ku America mu 1985 ndi makina omwewo atavala thupi lina ndi dzina lina, NES, ndipo chaka chomwecho Shigeru Miyamoto ndi anzake adatulutsa Super Mario Bros. Gemu yonseyo, zithunzi, nyimbo ndi mayiko ake onse asanu ndi atatu, imakwana m'makilobaiti 40. Chithunzi chimodzi chimene mumajambula ndi foni lero chikhoza kumeza ma Mario makumimakumi. Makina a Famicom ndi NES adagulitsidwa oposa 61 miliyoni padziko lonse. Koma pa chiwerengero chimenechi aja a malume mulibe, ndipo pafupifupi onse amene mwana wa ku Malawi adagwirapo mulibenso.

Chifukwa chake n'chakuti makina enieni adali okwera mtengo, ndipo Nintendo sidavutike kutsegula msika kumayiko osauka. Mpata umenewu adauona ndi amisiri a ku Taiwan chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, kenako mafakitale a ku China. Adatengera zam'kati mwa Famicom, ndipo patapita nthawi adapanikiza makina onse m'katchipi kamodzi kophimbidwa ndi dontho la phula lakuda. Mukatsegula TV gemu ya m'ma 1990 mudzadabwa, m'kati ndi mopanda kanthu ngati chikwatu cha fulu wakufa, kabolodi kakang'ono basi. Dziko lililonse lidali ndi dzina lake. Ku Russia kudali Dendy, wa chizindikiro cha kamwana ka njovu, amene adayamba kugulitsidwa mu 1992. Kum'mawa kwa Ulaya kudatchuka Terminator, wakuda wa mabatani abuluu, amene adafikanso kuno. Ku South Africa dzina lodziwika lidali Golden China. Onsewa ankadya kaseti yamtundu umodzi, ya timano 60 ngati ya Famicom, osati ya timano 72 ya ku America. N'chifukwa chake kaseti yogulidwa ku Johannesburg inkalowa bwinobwino m'makina ochokera ku Dar es Salaam.

Kaseti imene ndimaikonda koposa ndi ija yolembedwa kuti 9999999 in 1. Tiwerengere limodzi, aphunzitsi a masamu andikonze ngati ndaphonya. Magemu pafupifupi 10 miliyoni, iliyonse ya makilobaiti 40, akufunika malo okwana magigabaiti 400. Mu 1995 ngakhale kompyuta ya mu ofesi yaikulu idalibe malo otere, nanji kakaseti ka pamsika. Tsiku lina la tchuthi ndidakhala pansi ndi kope n'kuwerenga magemu enieni amene ali m'kaseti yangayo. Ndidapeza asanu ndi awiri. Ena onse ndi omwewo, angosinthidwa dzina, kapena akuyambira pakati, kapena thanki yapatsidwa liwiro. Tank 1990 imene tonse tinkaikonda ndi Battle City ya kampani ya Namco ya 1985 imene wina adaisintha pang'ono. Kasetiyi ndimaigwiritsa ntchito pophunzitsa kuti umboni wolembedwa nawo umanama, ndipo wolemba mbiri ayenera kutsegula n'kudziwerengera yekha.

Tsono chodabwitsa cha mbiri yathu ndi ichi. Ku Zimbabwe wailesi ya kanema idayamba mu 1960, dzikolo lidakali Southern Rhodesia. Ku Zambia idayamba mu 1961 ku Kitwe. Ngakhale South Africa, imene idakana kanema kwa nthawi yaitali, idagonja mu 1976. Kuno mu ulamuliro wonse wa Dr Kamuzu Banda kudalibe wailesi ya kanema, ndipo Television Malawi idatsegulidwa pa 1 Epulo 1999. Ndiye kuti kumudzi kwathu Mario adafika zaka zisanu ndi chimodzi nkhope ya wowerenga nkhani isanaoneke pagalasi. Ife tidadziwa TV ngati chinthu chimene umachilamula ndi zala zako tisanaidziwe ngati chinthu chokhalira pansi n'kumvetsera. Mabuku a mbiri amene timaphunzitsira amakamba za riferendamu, za chisankho cha pa 17 Meyi 1994, za sukulu yaulere ya pulayimale, koma za mmene ana adalawira dziko lakunja m'zaka zimenezo sakamba kanthu.

Ndipo zinthuzi n'zolumikizana. Mu Febuluwale 1994 boma lidaisiya kwacha kuti iziyandama payokha, malamulo a malonda adamasuka, mavenda adadzaza misewu ya m'tauni, kaunjika adasefukira, ndipo katundu wa ku China adayamba kufika ngakhale pa Golomoti. Nyumba zoonetsera kanema zidaphuka pa malo ochitira malonda alionse, jenereta ikulira kuseri, Rambo ndi Chuck Norris akuwombera m'kati. Masana, makasitomala a filimu asanabwere, eni ake ena ankalumikiza TV gemu kuti ana asiye matambala awo.

Ku sekondale, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, mfumu idali Brick Game. Kanali kotchipa, kolowa m'thumba, ndipo kankangofuna mabatire awiri aang'ono. Akatha tinkawayanika padzuwa, ena ankachita kuwaluma, kuti apereke mphindi zina khumi. Ndikuulula pano pamaso pa ophunzira anga kuti nanenso ndidalandidwapo kamodzi pa nthawi ya sitade yamadzulo, chifukwa ndidaiwala kuzimitsa kanyimbo kake. Gemu yogwetsa njerwa ija ndi Tetris, imene adaipanga ndi Alexey Pajitnov ku Moscow mu 1984 akugwira ntchito ya boma la Soviet Union. Poti adali wantchito wa boma la chikomyunizimu, gemuyo idali ya boma, ndipo iye adayamba kudyapo ndalama zake mu 1996, dziko lonse litaisewera kale. Ana a kumayiko olemera adaisewera pa Game Boy ya 1989. Ine Game Boy yeniyeni ndidaigwira koyamba ndili kale mphunzitsi.

Zotsatira zake mukuzidziwa, sindichedwapo. Mafoni adabwera, Nokia 3310 ya chaka cha 2000 idabweretsa Snake II m'thumba la aliyense wokhala ndi kangachepe, PlayStation 2 idabweretsa mpira wooneka ngati weniweni, ndipo TV gemu idafa mwakachetechete. Palibe adailira. Ina idaponyedwa m'chimbudzi chokumba, ina ana adaiphwasula kufuna mawaya a magalimoto awo.

Nanga munthu wa malipiro ngati athu amatolera bwanji zinthu zimenezi? Poyamba penipeni ndidapangana ndi mayi a kunyumba. Pangano lake ndi lakuti ndisapitirire K5,000 pamwezi, ndipo kuyambira Okutobala mpaka Januwale, nyengo ya feteleza ndi fizi, ndisagule kanthu ngakhale Mario mwiniwake atabwera kudzandigwadira. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 ndidapempha kuti tikambiranenso, koma pempho langa lidakanidwa. Panganoli landithandiza, chifukwa munthu wopanda ndalama amaphunzira kudikira ndi kucheza ndi anthu.

Pa intaneti sindigula. Mitengo ya kumeneko ndi ya anthu a madola. Mu Ogasiti 2021 kaseti ya Super Mario Bros yosatsegulidwa idagulidwa pa mtengo wa madola 2 miliyoni ku America, ndipo kuyambira pamenepo aliyense wokhala ndi foni amaganiza kuti chinthu chakale chilichonse ndi golide. Mgodi wanga ine ndi anthu okonza mawailesi. Pitani pa malo ochitira malonda alionse a mumsewu wa M5, funsani wokonza mawailesi wachikulire, osati mnyamata wa mafoni, ndipo yang'anani pansi pa tebulo lake. Pamakhala mulu wa zinthu zimene eni ake adasiya zaka 15 zapitazo osabweranso kudzatenga. Musafike ndi funso la mtengo. Khalani pabenchi, funsani za wailesi, gulani chimanga chootcha mugawane. Makina anga awiri adatuluka m'milu yotere, amodzi ndidasinthanitsa ndi nkhuku. Makaseti ambiri adachokera m'masutikesi a achibale ndi kwa ena a inu amene muli ku Joni, zikomo kwambiri. Ku Lilongwe ndimayendako m'misika ndikapita ku ntchito zina, koma kumeneko ogulitsa adachenjera.

Ndapusitsidwapo, osati kamodzi. Mnyamata wina adandigulitsa kaseti ya chithunzi chokongola cha Mortal Kombat, ndipo nditafika kunyumba mudatuluka Tank yemwe uja. Ina idali yopepuka modabwitsa, nditaitsegula mudalibe bolodi, mudali chikatoni chopinda. Tsopano sindigula kaseti osaisuzumira kumunsi kuti ndione timano take, ndipo makina sindilipira asanayake pamaso panga. Koma cholakwa chachikulu ndidachichita ndekha. Makina a mtundu wa Famicom amafuna adaputala ya DC ya mavoti 9 kapena 10 imene pakati pa kamutu kake ndi negativi. Maadaputala ambiri a masiku ano, monga a madikoda, pakati pake ndi positivi, ngakhale kamutu kamalowa bwinobwino. Ine ndi changu changa ndidalowetsa ya dikoda mu Terminator wanga woyamba, ndipo ndidangomva kafungo ka kupserera. Mwamwayi chidapsa ndi kachipangizo ka miyendo itatu kotchedwa 7805, kamene kamatsitsa mphamvu kufika pa mavoti 5, ndipo mkulu wina wokonza mawailesi adakasintha pa mtengo wa botolo la Fanta. Mukapeza makina enieni a ku Japan, adaputala yake ndi ya mavoti 100, pamene magetsi athu ndi a 230. Mukailowetsa pakhoma mwachindunji mudzaiona ikufuka.

Chizolowezi chathu chouzira kaseti ndi pakamwa chidali cholakwa. Chinkaoneka ngati chikuthandiza chifukwa pochotsa ndi kubwezera kaseti timano tinkagwirana bwino, koma mpweya wa m'kamwa ndi wonyowa ndipo umabweretsa dzimbiri. Kathonje konyowetsa ndi sipiriti n'kokwanira. Kuno kuchigwa adani ndi ambiri: chinyezi cha dzinja, fumbi la chilimwe, mphemvu zimene zimakonda kuikira mazira m'makina, nyerere, ndi chiswe chimene chidadya bokosi lokhalo la pepala limene ndidali nalo. Makaseti tsopano amakhala m'ndowa ya pulasitiki yotsekera, pamodzi ndi timapaketi toyamwa chinyezi tija timapezeka m'mabokosi a nsapato, kenako ndowayo m'katoni. Mabatire musawasiye m'kati mwa chinthu chosungidwa, amatuluka madzi n'kudya zitsulo. Ndipo mvula ikachuluka monga mu Malichi 2023, katoni imakwera pamwamba pa kabati.

TV yotupa kumbuyo ija ndimaisungira chifukwa chimodzi, mfuti. Duck Hunt ya 1984 sigwira pa ma TV opyapyala a lero. Ukakoka chowombera, galasi lonse limada kwa kamphindi kosaoneka ndi maso, kenako pamene pali bakha pamaoneka kabokosi koyera, ndipo kadiso kali m'kamwa mwa mfuti kamayang'ana ngati kaona kuwalako. TV yamakono imachedwa pang'ono kuonetsa chithunzi, ndiye kadisoko kamayang'ana nthawi isanakwane, bakha n'kuthawa, galu uja n'kukuseka. Chenjezo kwa anyamata okonda kutsegulatsegula: TV yachikale imasunga magetsi oopsa m'kati ngakhale yazulidwa pakhoma. Asiyireni amisiri.

Pali funso limene mnzanga wa pampu uja akadafunsa akadakhala kuti sadangoseka. Kodi si kulemekeza umbava kusunga zinthu zokopera? Funsoli ndimalimva, chifukwa pafupi pompano ku Balaka oyimba athu adalira zaka zambiri ndi anthu okopera makaseti awo, ndipo bungwe la COSOMA lidakhazikitsidwa mu 1992 kuti lithane ndi mchitidwe womwewo. Sindinganene kuti wokopera Mario adali wolungama pamene wokopera Alleluya Band adali mbava. Onse adakolola pamene sadalime. Koma ntchito ya wolemba mbiri ndi kusunga zimene zidachitika, osati zimene zikadayenera kuchitika. Ndikadzaza katoni yanga ndi makina enieni a Nintendo ndiye kuti ndikusunga ubwana wa mwana wa ku Osaka. Ubwana wa mwana wa kwa Kachindamoto udali wachikasu, wopepuka, wolembedwa Chingerezi chothyoka. Ndiponso ngakhale kwa eni akewo zinthu zikutayika: kafukufuku wa bungwe la Video Game History Foundation wa 2023 adapeza kuti 87 peresenti ya magemu akale amene adatuluka ku America sakupezekanso pamsika. Ngati iwo akutaya zawo, zathu zokoperazi adzasunga ndani?

Njira yosungira ndidaiphunzira ku Mua. Inu amene tidapita limodzi ku Chamare Museum mukukumbukira chipinda chija cha nkhope za Gule Wamkulu zoposa 400. Bambo Claude Boucher, wansembe wa ku Canada amene adapatsidwa mfunda wa Chisale, adayambitsa KuNgoni mu 1976, ndipo chimene chidandigwira mtima pa ntchito yawo si kuchuluka kwa zinthu ayi, koma kuti chilichonse adachilembera dzina lake, kumene chidachokera ndi chimene chimaphunzitsa. Eni dambwe asandimve molakwa, sindikufanizira gule ndi zoseweretsa. Ndikungonena kuti ndidatengako luso. Ndidagula kope lachikuto cholimba, ndipo chinthu chilichonse cholowa m'katoni chimalandira nambala ndi tsamba lake: mwini wake woyamba adali yani, adachipeza kuti, chaka chanji, ndi ndalama zochokera kuti. Mukawerenga kopelo mupeza kuti si mbiri ya magemu kwenikweni. Ndi mbiri ya maulendo. Uyu adali wophika ku Harare, uyu ankayendetsa thiraki ya ku Beira, uyu adagulitsa thonje labwino chaka china n'kupita ku Limbe.

Chaka chatha ndidatengera makina amodzi ku kalabu ya History. Ndidawapatsa ana osanena kanthu, kuti apeze okha zaka zake ndi kumene adachokera pogwiritsa ntchito zimene akuona. Adapeza manambala a chaka pagalasi loyamba la gemu, adapeza mawu akuti Made in China pansi, ndipo mtsikana wina wa Fomu 2 adafunsa chifukwa chake gemu ikunena Japan pamene bokosi likunena China. Funso limenelo lidatitengera ola lathunthu. Pamapeto adasewera, ndipo ana obadwa m'nthawi ya WhatsApp, okulira pafupi ndi munda wa magetsi a dzuwa wa mamegawati 20 umene udatsegulidwa pa Golomoti mu 2022, adakuwa chimodzimodzi mmene tinkakuwira ife pakhonde la malume.

Tsamba lovuta kwambiri m'kope langa ndi la kabokosi koyamba kaja. Malume adatisiya mu 1998, atadwala nthawi yaitali monga adachitira ambiri a msinkhu wawo m'zaka zimenezo. Mu 2019 ndidapita kwa akazi awo ndi kope langa, ndili ndi chikhulupiriro chonse kuti tikumbutsana nkhani yokoma. Nditangotchula Golden China nkhope yawo idasintha.

"Aphunzitsi, inu mumakumbuka kamunthu kodumpha. Ine ndimakumbuka malata. Ndalama zija tidapangana kuti ndi za malata. Dzinja limenelo ndinkagona ndi beseni pambali, nyumba ikudontha, inu muli pakhonde kukuwa."

Ndidasowa chonena. Kwa zaka 26 ndidasunga tsiku lija ngati tsiku limene dziko lidatseguka, osadziwa kuti m'nyumba momwemo mudali munthu amene adaliona ngati tsiku limene denga lake lidathawa. Ndidalemba mawu awo momwe adawanenera. Atakhala chete pang'ono adaonjeza kuti chilungamo n'chofunika: matambala a ana aja adagula mchere, sopo ndi palafini kwa zaka ziwiri, ndipo madzi ndi nkhuni sizinkasowa pakhomo. Malume atadwalika, TV ndi kabokosi adazigulitsa kwa mkulu wina woonetsa kanema pa Golomoti, ndipo ndalamazo ndi zimene zidalipira matola a kuchipatala maulendo atatu omaliza.

Ndidafunsa ngati padatsala kanthu. Adalowa m'nyumba n'kutuluka ndi kaseti yachikasu yofwifwa, chithunzi chake chitafufutika, kungotsala mchira wa mkango pakona. Bolodi lidachoka kalekale. M'kati mudali singano zitatu, lezala ndi mabatani a malaya.

"Mayi, mundigulitse. Nenani mtengo."

"Nanga singano zanga ndiziika kuti?"

Mwezi wotsatira ndidawapititsira kachitini kabwino kotsekera, kogula ndi K5,000 yanga ya mwezi umenewo, chenji ndidaonjezera shuga. Adalandira ndi manja awiri, nathokoza, naikamo mbewu ya therere. Kasetiyo ikadali pawindo pawo ndi singano zake. M'kope langa ndidailemba ngati nambala 32, ndipo pamzere wa kumene chinthu chikusungidwa ndidalembapo dzina la mudzi wawo.